Citsulo Ciliconse Cili ndi Munthu Wake

Mu Lusaka simungayende mtunda wautali osamva kulila kwa gilainda. Pitani ku Garden m'mbali mwa Katima Mulilo Road, kapena ku Kalingalinga m'mbali mwa Alick Nkhata Road. Mudzapeza mageti atatsamizidwa mzele, mafelemu a zitseko, zitsulo za pa mawindo, mabedi, mbaula ndi masitandi a mathanki a madzi. Anyamata amakhala atawelama, moto wa buluu ukuthetheka patsogolo pawo, ena atavala cophimba kumaso, ena magalasi akuda a pa msika. Ukaona zonsezi umaganiza kuti m'tauni muno citsulo cikathyoka, wocikonza ali kuseli kwa nyumba yako. Ndi zoona ngati cathyoka ndi geti. Koma ngati cakuvuta ndi kacitsulo kokwana m'dzanja, kofuna kupimidwa ndi mamilimita, ndipo m'thumba muli ndalama zocepa, nsapato zimatha usanapeze munthu wake.

Ulendo umenewu ndauyenda kwa caka ndi miyezi cifukwa ca honda ya amalume. Kuno kwathu njinga yamoto iliyonse timati ndi honda, olo ikhale yocokela ku China kapena ku India, koma iyi ndi Honda yeniyeni, CG125. Amalume anali mlangizi wa zaulimi ku Katete, ndipo anaiyendetsa zaka zambili m'tinjila twa kumidzi, thumba la mbewu kumbuyo. Atapuma pa nchito miyendo inayamba kuwavuta. Honda inaimikidwa kuseli kwa nkhokwe, nkhuku n'kumaikila mazila pansi pake. Tsiku lina anaikweza pa lole ya cimanga n'kunditumila foni. "Mwanawe," anatelo, "ndakutumizila nkhalamba inzanga. Ukaidzutse." Kucokela pamenepo, foni iliyonse yocokela ku Katete imayamba ndi moni, kenako funso limodzi: "Yalila?"

CG125 si njinga yovuta. Kampani ya Honda inayamba kuipanga mu 1975, ndipo inaipangila maiko ngati athu ano, kumene misewu ndi ya fumbi, oilo amasinthidwa mocedwa ndipo makanika amakhala kutali. Injini yake ndi ya silinda imodzi, 124cc, yopepuka kumasula ndi kumanga. Makampani ambili a ku China anakopela injini imeneyi, ndiye cifukwa cake pisitoni, malingi, magasiketi ndi mawaya a kilachi mumawapeza m'mashopu a masipeya m'tauni popanda kuvutika. Ngati vuto likanakhala la masipeya okha, nkhani ino sikanalembedwa.

Funso limene anthu a m'komboni mwathu anali kundifunsa linali lina: "Manje izayamba liti kusebenza?" Kwa ise honda ndi khasu. Imapeleka maphukusi m'tauni, imanyamula anthu ku Chipata ndi kumidzi, imabweletsa ndiwo madzulo. Kukamba kuti ndikuikonza cabe cifukwa ndimakonda, kuti pa Ciwelu mtima wanga umakhala pansi manja akada ndi gilisi, kunali ngati ndakamba kuti ndaweta ng'ombe yongoiyang'ana. Amayi anangoti, "Malinga lendi na unga visavutike." Tinagwilizana conco. Mwezi ukatha, lendi yapita, unga wagulidwa, zotsala ndimaika m'kacitini ka honda. Nkhani yonse ya mtengo imayambila pa kacitini kameneko. Munthu amene honda yake imamudyetsa angakongole ndalama kuti ikonzedwe lelo, cifukwa mawa idzabweza. Yanga sibweza kanthu, conco siyenela kudya ca nyumba.

Zambili ndinacita ndekha pa khonde ndi masipanala ocepa: kutsuka kabuleta, kusintha oilo, cheni, mawaya ndi matayala. Koma panatsala mabala anayi amene sipanala singapoletse. Loyamba, bauti imodzi yogwila ekizozi inali itathyokela mu hedi, kutsala kamutu kotulukila pang'ono. Laciwili, bowo la pulagi linali litatha mazinga, pulagi imangozungulila osagwila. Lacitatu, kava ya kumanja kwa injini, ya aluminiyamu, inali ndi mng'alu kucokela tsiku limene amalume anagwa nayo pa mwala, oilo n'kumadontha. Lacinayi, mabushi a foloko ya kumbuyo, ija imene imagwila wilo, anali atadyeka moti wilo linali kugwedezeka ngati dzino la mwana wa giledi wanu.

Ku shopu yankho linali lapafupi: "Gulani hedi ya nyowani, boss, na kava ya nyowani." Kacitini kanga sikakanakwanitsa. Komanso mabushi a ku shopu amapangidwila mabowo atsopano, ndipo m'mabowo odyeka a foloko ya amalume anali kungosambila. Panalinso cina cimene sindikanauza wogulitsa. Ndikasintha hedi, kava, ici ndi ico, cimene ndidzabwezela ku Katete sicidzakhalanso nkhalamba ija.

Ndinayambila kumene aliyense amakuuza kuti uyambile, ku industrial area, kumene kuli mawekishopu okhala ndi ofesi, buku lolembamo nchito ndi mlonda pa geti. Hedi ndi kava ndinazinyamula m'cikwama cakale ca kusukulu. Pa wekishopu ina folomani anazitembenuza kawili n'kuchula mtengo wokwana matumba anayi a unga a 25kg. Ataona nkhope yanga anaseka, koma sanandipitikitse. Anandilowetsa m'kati n'kundionetsa mashafuti a zigayo, zitsulo za mainjini a malole, mapampu a ku mafamu, zonse pa mzele.

"Yangana, mwaice," anatelo. "Kuti nikonze kabowo kako nifunika kucosa nchito ili pa makina, nimange hedi yako, niipime kuti ikhale yoongoka. Ivo veka vimadya ola. Kujuba kweka ni maminiti faivi. Manje iwe ulipilila ola, osati maminiti."

Ici ndi cinthu coyamba cothandiza cimene ndinapatsidwa, ndipo cinali caulele. Mtengo wa nchito ya zitsulo sucokela pa kukula kwa citsulo. Ucokela pa nthawi yokonzekela, ndiponso pa amene akuyembekezela kumbuyo kwako. Anthu a pa wekishopu ija sanali kundiba. Ola limene makina awo agwila kahedi kanga ndi ola limene lole ya munthu wina yaima. Conco ndinafunika kusakila anthu okhala ndi luso lomwelo koma opanda mzele wa malole, kapena ovomela kundilowetsa m'mipata ya nchito zikuluzikulu.

Kufupi ndi kwathu kuli mnyamata wowelda mageti, msinkhu wanga, amene makina ake ndi aja opangidwa pamanja, waya wokulungidwa pa zitsulo m'bokosi la matabwa. Ndinamuonetsa kava. Anaigogoda ndi cala n'kundibwezela.

"Boi, iyi ni aluminiyamu. Nikaikapo rodi yanga izangocita cibowo, uzalila. Ndalama niifuna, koma iyi si yanga."

Anakamba zoona. Citsulo ca mageti cimasungunuka ca pa madigiri 1,500, ndipo cikatentha cimafiila, wowelda n'kuona pamene wafika. Aluminiyamu imasungunuka ca pa madigiri 660 ndipo sifiila n'komwe: imaoneka bwinobwino, kenako imangogwa ngati phala. Pamwamba pake pamakhalanso kakhungu kosaoneka kamene sikasungunuka mpaka kupitilila madigiri 2,000. Ndiye m'kati mwasungunuka kale, khungu likali gwa. Kuti uiwelde bwino pamafunika makina ena, aja amene anthu amangoti argon, amene moto wake umaswa kakhunguko, mpweya wa argon n'kuphimba malo osungunuka kuti mphepo isawaononge.

Koma ataona hedi, maso ake anawala. "Aka kabauti kasiye kuli ine." Anaveka washa pa kamutu kothyoka kaja, pamwamba pake anaika nati, n'kuwelda m'kati mwa natiyo kuti igwilane ndi bauti. Weldingi ya citsulo simamatila ku aluminiyamu, conco hedi sinali pa ngozi. Kutentha kunamasula dzimbili limene linamanga bautiyo kwa zaka. Anayembekeza kuti izizileko, anadonthezelapo oilo, n'kuyamba kuigwedeza ndi sipanala, pang'ono kutsogolo, pang'ono kumbuyo. Nati yoyamba inathothoka. Yaciwili inathothokanso. Yacitatu inalila kwii, bauti n'kutuluka yonse. Anandilipilitsa mtengo wa mbale ya nsima ndi nkhuku pa msika, ndipo mbasela yake inali njila: anandilongosolela kumene ndingapeze munthu wa argon.

Mawu aja akuti "iyi si yanga" ndi amene anandipulumutsila ndalama zambili pa ulendo wonsewu. M'komboni, kumene nchito ndi yosowa, si ambili amene amakana kasitoma. Ambili amati "tizayesa". Palibe mawu odula kuposa amenewo. Kwa munthu wa argon ndinapeza mulu wa makava ndi mapoto a injini amene anadutsa kwa a "tizayesa", ali ndi mabowo ndi zotupa ngati mbatata. Eni ake analipila kawili, poyamba kuononga, kenako kukonza zoonongekazo.

Munthu wa argon amasewenzela kuseli kwa mashopu a masipeya, kufupi ndi Lumumba Road, ndipo nchito yake yaikulu ndi malimu a motoka osweka m'maenje a mumsewu. Ndinamupatsa moni n'kumufunsa, "Bakamba, iyi kava mungaiwelde zingati?" Anandipatsa mitengo iwili. "Ukaileta so, ni mtengo uyu. Ukaileta yosuka, ni hafu." Kenako anandiphunzitsa tanthauzo la kusuka kumeneko. Aluminiyamu imene yasunga oilo kwa zaka imakhala itamwa oiloyo m'mng'alu, ndipo ikatentha imatuluka thukuta lakuda limene limadzaza weldingi ndi timabowo. Kuti aliyeletse, iye amataya nthawi ndi argon, ndipo argon amagula m'botolo pa mtengo wowawa. Anandiuza kuti nditsuke kavayo ndi palafini, kenako ndi sopo ndi madzi otentha, ndiiyanike pa dzuwa kuti oilo atuluke, ndiitsukenso. Ndiboole kabowo kakang'ono kumapeto onse awili a mng'alu kuti usapitilile. Ndipale mng'aluwo ndi fayilo kuti pakhale kangalande kolowamo weldingi. Pomaliza ndiikwece ndi bulashi yatsopano ya waya wosacita dzimbili, imene sinakhudzepo citsulo cina. "Ubwele pa Cisanu. Nili na malimu, nizakuikila pakati."

Pa Cisanu kunalibe malaiti. Cinali caka ca 2024, caka ca cilala cimene boma linalengeza mu February kuti ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, ndipo m'miyezi ina malaiti anali kubwela maola ocepa cabe pa tsiku, nthawi zambili usiku. Amisili a zitsulo anavutika kwambili, pakuti popanda malaiti gilainda, makina oweldela ndi lathe zonse ndi zitsulo zakufa. Munthu wa argon anayamba kugona pa wekishopu, malaiti akabwela ca m'ma 23 hours iye n'kudzuka. Amene anali kufulumila anali kulipila mafuta a jenileta pamwamba pa mtengo. Ine ndinasiya kava yanga pa shelefu yake n'kumuuza kuti aiwelde usiku ulionse umene malimu amupatsa mpata. Panapita masabata atatu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kwa munthu wa kacitini kudekha ndi ndalama inanso. Nditaitenga anandiuza kuti moto umapindako kava pang'ono, conco ndiyale sandipepa pa galasi lathyathyathya, ndiikwece pamenepo mozungulila mpaka mbali yogona pa gasiketi itawala yonse mofanana. Mpaka lelo sinadonthepo.

Mabala awili otsala anali ofuna lathe, makina aja ozungulitsa citsulo mpeni n'kumacisenda. Munthu wa argon ndi amene anandilozela kwa mdala wina ku Matero. Kulibe cikwangwani, ndipo pa Facebook simungamupeze. Umapitilila chalichi, umakhota pa cigayo, n'kufunsa ana kuti "kwa ba fitter ni kuti?" Kuseli kwa nyumba kuli cisakasa ca malata, ndipo m'kati muli lathe yakale ya ku England, yaikulu kwa ine pa zaka, yopukutidwa bwino kuposa mbale za m'nyumba zambili. Mdalayu anaphunzila nchito ya fitter and turner ku migodi ya ku Copperbelt m'masiku a ZCCM, pamene migodi inali ndi masukulu ake ophunzitsa amisili. Migodi itagulitsidwa, nchito imene inatha mu 2000, anabwela ku Lusaka n'kugula lathe imeneyo ndi ndalama zake zopumila. Makasitoma ake ndi eni zigayo, okonza mapampu a zitsime ndi oumba mabuloko.

Anayang'ana hedi, anayang'ana ine. "Ni ya bizinesi?"

"Iyayi, ba tate. Ni ya amalume. Nimaikonza cabe cifukwa nimaikonda."

Kwina kumene ndinayankhapo conco, mtengo unali kukwela pomwepo, cifukwa munthu wokonza njinga mwa cikondi cabe amaoneka wa apamwamba. Mdalayu anavula magalasi n'kuwapukuta ndi shati.

"Ndiye kuti sufulumila."

"Sinifulumila, ba tate."

"Ndiye tizamvana, mwana wanga."

Malamulo ake anali anayi. Ndibwele ndi zitsulo zonse zimene zimakumana, foloko ndi pini yake yomwe, osati manambala opima ndi lula ya kusukulu. Citsulo copangila mabushi ndikasakile ndekha. Ndizibwela pa Ciwelu masana, a zigayo atapita. Ndipo tikatsiliza ndizisesa.

Kusakila citsulo kunanditengela ku mayadi a sikilapu, kumene zinthu zimagulidwa ndi kugulitsidwa pa kilo. Mdala anafuna bronze, mkuwa wosakaniza uja umene umatelela bwino pa pini ya citsulo osaidya. Anandipatsa kamaginito kuti ndiike m'thumba: cimene camamatila si bronze. Anandiuzanso kuti ndinyamule fayilo, ndipale pang'ono kuti ndione mtundu weniweni pansi pa litsilo. Safunsa anadya phula, conco ndinafunsa anyamata a pa sikelo, ndipo mmodzi anafukula cibushi cakale ca pampu pansi pa mulu. M'shopu bronze amagulitsa ndodo yathunthu. Ine ndinagula cidutswa cokwana nchito yanga basi.

Pa Ciwelu cotsatila ndinaona cimene ola lija la folomani limatanthauza. Mdala anapima pini malo atatu, anapima mabowo a foloko mopingasa ndi moongoka, n'kulemba manambala ndi coko pa khoma. Cipangizo cake copimila, micrometer, cimawelenga mpaka 0.01 ya milimita, ndipo tsitsi la munthu ndi lonenepa kuposa apo kangapo. Maso ake afooka, conco anali kucigwila ndi zala zake, akamva kuti cakhudza bwino n'kundipatsa. "Belenga." Ndinali kuwelenga, iye n'kugwedeza mutu ngati nambalayo anaidziwa kale. Kunja kwa bushi anakusiya konenepa pang'ono cabe kuposa bowo kuti ilowe mokakamiza n'kukhazikika. M'kati anasiya kampata kakang'ono ka gilisi. Mabushi atatha anawaviika m'madzi a ayisi kuti afupike, n'kuwalowetsa mu foloko pofinya ndi vaisi. Pini inalowa ndi cala cimodzi, ndipo wilo silinagwedezekenso.

Bowo la pulagi linatenga Ciwelu cina. Pulagi ya CG125 ili ndi mazinga a mamilimita 12, ndipo kucoka pa zinga limodzi kufika pa lina pali 1.25. M'mashopu muli mabokosi a zipangizo zokonzela mazinga otele, koma umagula bokosi lonse cifukwa ca bowo limodzi. Mdala anakulitsa bowolo pang'ono, anadula mazinga atsopano aakulu, kenako anasema kampaipi ka citsulo kokhala ndi mazinga kunja ndi m'kati. Kunja kanagwila hedi, m'kati kanalandila pulagi. Anandipatsa pulagi kuti ndiilowetse ndi zala zokha. Inayenda myaa mpaka pansi.

Nayenso anali ndi "iyi si yanga" yake. Pini ya wilo la kutsogolo inali yopindika pang'ono, ndipo ndinamufunsa ngati ingaongoledwe. Anaiponya m'ndowa ya sikilapu. "Pali vochipisa na vosachipisa. Mabuleki, pini ya wilo, felemu, apo ni pa moyo wako. Gula ya nyowani." Pa thanki anandicenjeza mwamphamvu kuposa apo. Thanki imene inakhalamo petulo, olo ioneke youma, imasunga mpweya wake, ndipo moto ukayandikila imaphulika. Anati munthu aliyense amene angatenge thanki yanga n'kuyatsa moto osaitsuka ndimulande ndithawe nayo.

Mabala onse anayi anapola ndi ndalama zosakwana matumba awili a unga. Zotsala ndinalipila ndi mapazi, ndi sopo, ndi tsace, ndi masabata oyembekezela. Koma pali cimodzi cimene ndifuna anzanga amene mukukonza mahonda, njinga ndi timotoka twakale mucimve bwino. Kusakila mtengo wochipa si kufinya mmisili. Mdala akachula mtengo sindinenelela. Ndimalipila tsiku lomwelo, ndipo kukatentha ndimabwela ndi maheu. Mtengo umatsika cifukwa wamucotsela nchito ya kutsuka, ya kumasula, ya kusakila citsulo, ndiponso cifukwa wamupatsa ufulu wokugwilila pa nthawi yake. Ukautsitsa pomulilitsa, tsiku lina udzapeza citseko cotseka, kapena adzakugwilila nchito ya "tizayesa".

Cimene cimandidetsa nkhawa ndikamasesa pansi pa lathe ija ndi cakuti palibe amene akuima pambali pa mdala m'kati mwa sabata. Anyamata anabwelapo, koma sanakhalitse. Sindiwaimba mlandu. Geti umawelda m'mawa, madzulo ndalama ili m'thumba. Pa lathe pamapita miyezi yambili usanaloledwe kukhudza shafuti ya kasitoma, ndipo miyezi imeneyo mimba siyembekeza. Makina oweldela ungawapange ndi waya kuseli kwa nyumba, koma lathe sungaipange. Makoleji a zaumisili amene TEVETA imayang'anila, monga NORTEC ku Ndola, amaphunzitsabe nchito imeneyi, koma wotsiliza kumeneko amasakila nchito ku migodi ndi ku mafakitale, kumene kuli malipilo. M'komboni mukutsala nkhalamba. Mdala anandiuza moseka kuti ana ake anafunsapo kale kuti lathe imalemela makilo angati. Ine sindinaseke. Tsiku limene makina aja adzakwela pa sikelo ya sikilapu, mwini cigayo wa ku Matero adzayamba kufola kumbuyo kwa malole ku industrial area, ndipo kwa ise a kacitini yankho lidzatsala limodzi, lija la ku shopu: gulani ya nyowani.

Ndiye cifukwa cake ndimapitabe pa Ciwelu, olo kuti nchito yanga inatha. Tsopano amandilola kusenda zidutswa za sikilapu, iye atakhala pa mpando n'kumamvetsela kulila kwa mpeni. Ukalila molakwika amangokweza cala. Mdzukulu wake wamkazi, amene watsiliza Grade 12 ndipo akuyembekezela zotulukapo, wayamba kubwela kudzaima nafe. Amawelenga micrometer mofulumila kuposa ine, ndipo agogo ake ayamba kumupatsa iye coyamba. Ngati kwanu kuli cisakasa cotele, mdala wa lathe, wa maladiyeta kapena wokulunga mamota, pitani mukamupatse moni. Nyamulani kanthu kothyoka, koyela bwino, ndipo musafulumile kucoka.

Honda inalila pa Sondo ina madzulo, nditaponda kiki kasanu ndi kawili. Inatsokomola utsi, inanjenjemela, kenako inakhazikika pa kugunda kwake kuja kwa du du du. Ana a pa layini yathu anabwela akuthamanga, ndipo amayi anatuluka ndi mthiko m'manja. Ndinatumila foni ku Katete, ndipo amalume asanafunse funso lawo ndinaika foni pafupi ndi injini. Kwa kanthawi sanakambe kanthu. Kenako ndinamva mawu awo, "Matapeti akulila kwambili. Ucepetse mpata." Anakhalanso cete pang'ono. "Ubwela nayo liti?"

Kucoka ku Lusaka kufika ku Katete ndi pafupifupi makilomita 500 pa Great East Road, kudutsa mapili a Manenekela ndi mlatho wa Luangwa. Pakali kufunika pini ya wilo la kutsogolo, mapepala a pamsewu ndi cisoti cabwino, ndipo kacitini kamadzala pang'onopang'ono. Ndinawauza kuti mvula ikatha. Iwo anati nkhuku yodzaphela ine aisankha kale.